Moto wa tchire wafika poipa kuno kwathu ku Nkhotakota, titani?

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu. Abale tiyeni tikambirane za motowu chifukwa ine tulo sindikupeza. Madzulo alionse ukayang'ana kumtunda uko kukungooneka mzere uli psuu, masana utsi uli tolo mpaka dzuwa kumaoneka lofiira nthawi isanakwane. Dzulo wadutsa kuseri kwa mudzi wathu, dambo lonse lapsa, nthochi za m'mbali mwa dimba zafota, nkhokwe ya agogo ena tinachita kuithira madzi a m'ndowa kuti isagwire. Seputembala sanathe n'komwe, nanga Okutobala tidzaona zotani?

Nachisale: Achimwene musanene. Ine mitolo yanga ya udzu yomwe ndinamweta ndikuimika pa mtengo kudikira ngolo yapita yonse, phulusa lokhalokha. Nyumba ya amayi ikudontha, ndimati chaka chino tifolere bwino mvula isanabwere, pano ndikagule udzu ndi ndalama yomwe ndilibe

Make Shakira: Pepani asisi. Ndi anyamata a mbewa amenewo, palibenso wina. Amayatsa kuti mauna aonekere, akakumba mbewa zawo basi ulendo, moto ausiya ukuyenda wokha

Junior wa kabaza: Mayi zonse musamangotikankhira achinyamata. Inde a mbewa alipo sindikukana, koma ine ndimayenda msewu uwu tsiku lililonse, amene ndimawaona akuyatsa masana dzuwa lili paliwombo ndi akuluakulu akusosa m'minda. Aunjika mapesi, ayatsa, kenako akuti ndikamwe kaye madzi kunyumba. Pobwera moto walumpha kale malire uli m'munda mwa eni ake. Ena ndi a makala, uvuni wabooka usiku iwo ali mtulo. Ena ofula njuchi amataya muuni pansi pa mtengo ukadali kufuka

Make Shakira: Chabwino mwana wanga ndamva, koma a mbewawo uwauze anzakowo

Aphunzitsi: Ndilowepo pang'ono. Oyatsa moto ndi omwewo chaka chonse, mu Juni amayatsa, mu Okutobala amayatsa, koma bwanji moto wa Juni umangoyenda pang'ono n'kuzima wokha pomwe wa pano ukuwoloka ndi msewu womwe? Nkhani ili pa nyengo. Mvula ikasiya cha mu Epulo udzu umakhala ukadali ndi madzi m'kati, usiku kumagwa mame, m'mawa ukadutsa pa tchire thalauza limanyowa mpaka m'mawondo. Moto wa nthawi imeneyo ukafika madzulo umafooka. Koma tikamafika Seputembala papita miyezi 4 kapena 5 popanda mvula, mame asiya, masamba a mitengo ayoyoka ali mbwee pansi, udzu ukaupinda umangoti thyo. Ndiye kuno kunyanja mukudziwa mmene kumatenthera, mu Okutobala masiku ena kumapitirira madigiri 35, mpweya umauma n'kumayamwa kachinyezi kotsala mu udzu ndi m'timitengo. Ukaphatikiza ndi mphepo basi zatha, kachitsa ka ndudu kokha ndi kokwanira.

Bambo a Tadala: Aphunzitsi nanga bwanji zaka zina umakula kuposa zina?

Aphunzitsi: Zimatengera dzinja lomwe lapita bambo. Mvula ikagwa yambiri udzu umakula kupitirira munthu, ndiye chilimwe chake moto umapeza chakudya chambiri. Mvula ikadula msanga udzu umauma msanga, nyengo ya moto imatalika. Kumbukirani 2024, El Niño anaumitsa mbewu mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, koma chaka chomwecho mu Febuluwale ku Dwangwa madzi anasefukira anthu n'kuthawa m'nyumba. Nyengo ikamasinthasintha chonchi mbali zonse ziwiri zimathandiza moto, kwina udzu wochuluka kwina kuuma msanga.

Wa ku Chia: Salamu kwa nonse. Za mphepo zija aphunzitsi akunena zoona, ife a panyanja timaziona bwino. Mwera ukabwera sumaomba tsiku limodzi, umatha masiku angapo ukukuntha kuchokera kummwera, ife mabwato timakokera kumtunda. Ndiye tsiku lomwe ife takana kulowa m'madzi ndi lomwelo wina kumtunda akuyatsa munda, ine zimandidabwitsa. Komanso ngakhale mwera kulibe, dzuwa likakwera mphepo imachoka panyanja kulowera kumtunda, usiku imatembenuka kumabwerera kunyanja. Munthu amayatsa m'mawa kuli zii akuti zili bwino, ikamati 11 koloko mphepo yadzuka

Aphunzitsi: Eya achimwene, ndipo onjezani ichi. Dziko lathu lino kuchoka kunyanja kupita kumadzulo ndi chitunda chokhachokha mpaka kukafika ku mapiri a ku Ntchisi. Moto umathamanga pokwera kusiyana ndi potsika chifukwa malawi amaweramira pa udzu wa kutsogolo n'kuuwotcheratu usanafikidwe, akatswiri a za moto amati chitunda chikapendekeka ndi madigiri 10 liwiro la moto limawirikiza kawiri. Ndiye masana mphepo ya panyanja ikuukankhira kumtunda, chitunda nachonso chikuukoka, n'chifukwa chake kuyambira cha m'ma 11 mpaka 4 koloko madzulo palibe amene angauthamangitse.

Nachisale: Nanga kamvuluvulu? Dzana ndaona wanyamula ziyangoyango zoyaka kuziponya kutsidya kwa njira, ife tinali titaima poti apa sudutsa

Aphunzitsi: Ameneyo ndi wa nyengo inoyi mayi, amabadwa nthaka ikatentha kwambiri masana, makamaka pa lupsa pomwe pada bii. Mbaliwali amazitengera patali, n'chifukwa chake kanjira kongopita munthu m'modzi sikatchinga moto wa Okutobala.

Alangizi opuma: Ndawerenga zonse, zikomo aphunzitsi mwalongosola bwino. Ine ndinena zomwe ena sazikonda. Tchire la kuno simungaliletse kupsa mpaka kalekale, mukaliteteza chaka chino osapsa, chaka chamawa osapsa, udzu wakale umaunjikana ndipo tsiku lomwe lidzagwire lidzapsa ndi mitengo yomwe. Nchifukwa chake osamalira nkhalango amatentha dala koyambirira, cha mu Meyi, Juni kapena Julayi, madzulo mphepo itagona, chigawo ndi chigawo. Moto umenewo umayenda pansipansi, umasiya malo ena osapsa, mphukira za mombo ndi tsamba zimapulumuka, ndipo malo opsawo ndi omwe amadzaimitsa moto waukali ukabwera. Koma moto wa pano umakwera mpaka kunsonga, panthawi yomwe mitengo yangotulutsa kumene masamba atsopano ofiira aja, masuku ali m'mitengo sanapse. Mtengo wawung'ono umafa mpaka pa chitsa, chaka chamawa uyambirenso, chaka chinacho upsenso, zaka kumapita nkhalango osakula. Ndiye ife timati tabzala mitengo mu Januwale, tajambulitsa zithunzi, Okutobala yonse yapsa chifukwa palibe anapita kukalambulira.

Nachisale: Alangizi pamenepo ndiye tisiyana. Mukati titenthe mu Juni, udzu wofolera timweta kuti? Mu Juni ambiri timakhala tikadali kukolola ndi kupuntha mpunga, udzu timayamba kumweta bwino ukakhwima cha mu Julayi mpaka Ogasiti. Tsekera wa mpanda nayenso chimodzimodzi. Mukatentha msanga mwapulumutsa mitengo koma mwapha amayi, ena sukulu fizi ya ana imachokera pa mitolo yomweyo

Make Shakira: Zoona asisi, amuna akamapanga mapulani awo udzu saukumbukira, amadzaukumbukira denga likayamba kudontha

Alangizi opuma: Mayi Nachisale mwanena mfundo yeniyeni ndipo sindikutsutsa. Sindikuti titenthe paliponse ayi. Amayi ndi amene mukudziwa malo a udzu wabwino, ndiye mumayenera kukhala pa bwalo pomwe zikukambidwa, muloze kuti dambo ili ndi ili musakhudze. Malo amenewo timawalambulira kuzungulira, n'kutentha kamzere kunja kwake kukadali chinyezi, kuti udzu wanu ukhale pakati wotetezeka mpaka mumalize kumweta. Ndipo mukamweta mitolo isagone kutchire, kapena poimikapo mupalepo pakhale dothi lokhalokha.

Nachisale: Zikakhala choncho ndavomera. Koma kunena zoona ku bwaloko amatiitana nkhani itatha kale

Mlembi wa a gulupu: Mayi ndamva ndipo ndikafikitsa. Lamulo la m'mudzi lilipo, wotentha tchire amalipira chindapusa kwa mfumu, vuto ndi umboni. Moto ukabuka aliyense amati sindinaone, pomwe akudziwa kuti ndi mwana wa alongo ake. Komanso tisaiwale kuti lamulo la boma la za nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa, ndipo atalikonzanso mu 2020 zilango zinakwera. Amene muli m'malire mwa gemu muwauze ana, si nkhani ya nkhuku kwa mfumu imeneyo, ndi ya kukhoti

Bambo a Tadala: Chindapusa chili bwino koma chimabwera nkhokwe itapsa kale alembi

Malume a ku Mzuzu: Moni kwanuko abale anga. Ine ndimadutsa pa Chikangawa pafupipafupi, nkhalango ya paini ija inabzalidwa mahekitala oposa 50,000, koma pitani mukaone mmene moto ndi macheka zinaisiyira, mapiri ena ali mbee. Ndiye kwathuko tili ndi chuma chomwe ena alibe. Nkhalango ya Nkhotakota ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, a bungwe la African Parks anayamba kuyendetsa mu 2015, njovu pafupifupi 500 anazibweretsa kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Moto wochokera m'minda yathu sudziwa waya, umalowa. Msipu ukapsa m'katimo nyama zimayamba kuyang'ana kunja komwe kuli chinangwa chathu, ndiye tiziliranso

Wa ku Chia: Malume onjezanipo Bua. Mapiri akapsa n'kukhala pambalambanda, chizimalupsa chikangogwa madzi amatsika akuda bii ndi phulusa, kenako mvula yeniyeni imakokolola dothi lonse kulowa mumtsinje. Mpasa umakwera Bua kukaswana pa timiyala ta pansi pa madzi, matope akakwirira timiyalato mazira aikira pati? Madala athu amasimba mpasa wa kale, ife tikungoumva. Kuno ku Chia nako matope akudzadza, malo omwe kale kunali kwakuya pano bango lamera

Alangizi opuma: Ndibwerere kwa ososa aja, pakuti Junior sananame. Abale mapesi si zinyalala. Mukawatentha, mchere uja wa nayitrojeni womwe mumaugula m'thumba la yureya umapita ndi utsi, chotsala ndi kaphulusa komwe mphepo imaulutsa. Nthaka imatsala yosavala, dzuwa la Okutobala kuiwotcha, nyongolotsi ndi tizilombo tofewetsa dothi kuthawa. Kwirirani mapesi m'mizere awolerane, kapena ayaleni pamwamba ngati muli pa ulimi wa mtayakhasu. Chondipweteka ndi chakuti amene amayala mapesi ndi amene amalira kwambiri, munthu wavutika kututa mapesi kuphimbira munda wonse, wina pofuna mbewa kapena pososa munda woyandikana naye n'kumutenthera zonse tsiku limodzi. Ambiri anasiya ulimi umenewu chifukwa cha moto, osati chifukwa sunkawapindulira.

Junior wa kabaza: Koma alangizi mbewa ndi ndiwo komanso ndi ndalama, anyamata ena mpani umodzi ndiye sopo wawo. Mukangoti asiye sangamve

Alangizi opuma: Sindikuti asiye mwana wanga. Ife tinakula tikukumba mbewa, koma timatsata mleka ndi mauna ndi maso, kutchera misampha madzulo, m'mawa kukawonjola. Kutentha dambo lonse chifukwa cha mbewa zodzadza kathumba ndi ulesi basi, ndipo moto womwewo umapha ndi mbewa zomwe zikanaswana

Junior wa kabaza: Apo ndamva, ndikawauza pa siteji

Adalaivala: Inenso ndidandauleko za pamsewu. M5 masiku ano pena umalowa mu utsi osaona ngakhale mamita ochepa kutsogolo, ndipo m'mbali muli njinga, ana a sukulu, mbuzi zikuthawa moto. Msewu wopita ku Kasungu wodutsa m'gemu uja nawonso chimodzimodzi. Anzanga oyendetsa chepetsani liwiro, yatsani magetsi, tsekani mawindo, ndipo ngati malawi afika m'mphepete mwa tala imani patali mudikire, musati ndidutsa mothamanga. Apaulendo nanunso ndudu zanu musamaponye pawindo, ine ndikaona ndimaimitsa galimoto

Make Shakira: Ndi mapolo a magetsi omwe akupsa, kwathu kuno lina linagwa tinakhala mumdima, chigayo osayenda

Azaumoyo: Pepani ndachedwa kulowa, netiweki inavuta. Ine mbali yanga ndi ya anthu opsa, chifukwa nyengo ino timawalandira. Ambiri amapsa pozimitsa, amathamangira kutsogolo kwa moto komwe mphepo ikulowera atavala patapata ndi malaya a nayiloni omwe amasungunukira pathupi. Chonde moto umenyeni kuchokera m'mbali ndi kumbuyo ndi nthambi zaziwisi, muli gulu, wina aziyang'ana mphepo. Ukakutembenukirani musathawire kumtunda, thawirani komwe kwapsa kale kapena pamsewu. Ana ndi okalamba asapite, utsi wokha umagwetsa munthu, makamaka a mphumu ndi a chifuwa. Munthu akapsa thirani madzi oyera ozizira pa balapo kwa mphindi 20, muvuleni mphete kapena chibangili pasanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera n'kubwera naye kuchipatala. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena dothi, timavutika kutsuka ndipo bala limaola. Matuza musaboole.

Nachisale: Za dzirazi ambiri timachita ndithu, zikomo adokotala mwatithandiza

Aphunzitsi: Ine pempho langa ndi ili. A zanyengo amalengeza pa wailesi kuti kukubwera mwera asodzi asamale, ndipo asodzi amamvera. Uthenga womwewo ndi wa moto. Tsiku lomwe anena kuti kukhala mphepo yamphamvu kapena kutentha kwambiri, m'mudzi musayatsidwe moto wa kumunda, basi. Tingapemphe a Nkhotakota Community Radio kuti akamawerenga za nyengo aziwonjezerako mawu amenewo, ndipo m'mipingo ndi m'mizikiti azilengeza. Ife kusukulu tiziwauza ana pa asembule.

Wa ku Chia: Ine ndizitumiza pano ndikaona nyanja yayamba kusintha, nthawi zambiri timadziwiratu usiku wake

Bambo a Tadala: Zimenezo zitithandiza achimwene. Koma abale za kutentha koyambirira zija chaka chino tachedwa nazo, panopa titani kuti tifike ku mvula nyumba zikadalipo?

Alangizi opuma: Panopa musayerekeze kutentha dala, nthawi yake inapita, mungayatse moto womwe simungaugwire. Chotsala ndi khasu ndi chikwakwa. Palani kuzungulira nyumba, nkhokwe, khola ndi mulu wa manyowa, udzu wouma ndi nkhuni zichoke pafupi ndi denga. Nkhalango ya mudzi ndi mitengo yomwe munabzala dzinja lapitali muilambulire njira yotakata, yoti ngolo iwiri n'kudutsana, ndipo mbali yomwe mphepo imachokera muwonjezere. Udzu womwe mwapalawo muukokere kutali, musausiye mulu m'mphepete. Amene akakamira kutentha ziyangoyango zake adikire dzuwa lipendeke mphepo itagona, auze oyandikana nawo, akhale ndi anthu ndi madzi, ndipo asachoke mpaka afufuze phulusa ndi ndodo aone kuti pansi palibe moto. Chitsa chimasunga moto masiku, mphepo ikadzuka chimayambiranso. Amene muli ndi ming'oma m'mitengo palani pansi pake, njuchi zikamva utsi wambiri zimasamuka.

Make Shakira: Kumanda timatha kugwirizana mudzi wonse kukalambula chaka ndi chaka, ndipo taonani mitengo ya kumeneko mmene inakulira. Ndiye kulephera kwake kuli pati pa nkhalango ya mudzi?

Mlembi wa a gulupu: Mayi mwalasa. Ndangolankhula ndi a gulupu pa foni, avomera kuti Loweruka m'mawa tikumane pa bwalo, anyakwawa onse auzidwa mawa. Akuti komiti ya zachilengedwe ibwere, amayi omweta udzu abwere, anyamata a mbewa ndi a makala abwerenso, sakukaweruzidwa koma tikamve mbali yawo. Tikamaliza kukambirana tipita limodzi kukayamba kulambula mbali ya kummawa ya nkhalango

Nachisale: Ife tibwera, koma mutipatse mpata wolankhula poyamba pomwe osati kumapeto

Mlembi wa a gulupu: Ndalemba mayi, mudzayamba ndinu

Junior wa kabaza: Ine ndinyamula agogo awiri a kutsidya aja ulere, iwo ndi amene akudziwa malire akale a nkhalango. Nthawi yanji?

Mlembi wa a gulupu: 6 koloko, kuti dzuwa likamakwera tikhale titagwirako. Aliyense khasu lake ndi chikwanje, amene ali ndi zigubu abwere ndi madzi akumwa

Malume a ku Mzuzu: Ine sindifika koma nditumiza kangachepe pa foni kwa alembi, mugule matupa onolera zida ndi shuga wa thobwa. Alangizi chonde nkhani ya Juni ija muilembe m'buku la komiti kuti chaka chamawa isadzatipitirirenso

Alangizi opuma: Ndibwera nalo bukulo Loweruka, tidzagwirizane tsiku lake amayi ali pomwepo